Kansalu Kofiira ka a Gwedeza

Taimitsa kaye makinawo, Esinati, diresi la eni akelo silithawa. Nanunso a Nachisale ikani pansi simbiyo, mungawotche kolala ya mwana wa sukulu. Usiku wathawu ine ndalota zinthu, ndipo ndikapanda kuzitula pano zindisungunukira m'mutu dzuwa lisanafike paliwombo.

Koma mumve kaye zoona zake, chifukwa iwe Esinati unabadwa kanema ali kale m'nyumba iliyonse. Ine ndili ndi zaka naini, dera lathu lonse ku Bangwe kuno tinkakaonera kanema kwa a Chinkwita, woyendera batire la galimoto, ana makumi atatu titathithikana pa simenti. Nthawi imeneyo kunali sewero la ana lotchedwa Ziwala Zalumpha, la timu ya mpira ya ana osavala nsapato yomwe inkagonja gawo lonse n'kudzagoletsa mphindi yomaliza. Ankalijambula a Gwedeza, bambo wina wa jekete lakuda ndi kolala yoyera, pa bwalo la fumbi lija kuseri kwa chigayo. Ine ndinali mmodzi wa ana ochemerera timuyo. Ee, ine ndemwe Mwandida wa pa telala pano, ndinaonekapo pa kanema, musandione chonchi.

Kamera inali imodzi basi. Ndiye osewera mpira ankawajambula Lachitatu, ife ochemerera Loweruka. Mpirawo ife sitinauonepo ndi tsiku limodzi lomwe. Tinkakhala pa mabenchi obwereka ku tchalitchi, bwalo lili pululu, a Gwedeza n'kuyatsa kamera, kuisiya pa miyendo yake itatu, iwo n'kumayenda ndi nsungwi yomwe anamangirira kansalu kofiira kunsonga. "Kansaluka ndiye mpira! Kakapita uku, maso uku! Kakakwera m'mwamba, chigoli chimenecho, kuwani!" Lamulo linali limodzi: wochotsa maso pa kansalu avule jezi, banzi lake la malipiro adya wina, azipita kwawo.

Amene anakandilembetsa m'sewero limeneli ndi achimwene anga a Fatsani, atandinyamula paphewa. Ndiye Loweruka lomwe iwo ankanyamuka ulendo wa ku Joni ndi lomwenso a Gwedeza anandiika pa benchi la kutsogolo n'kundipatsa mawu anga oyamba, akuti chigoli chikalowa ndiimirire ndikuwe kuti, "Ziwala zalumpha!" Achimwene anadzera ku bwalo ndi chikwama chawo kudzanditsanzika, n'kuima kuseri kwa kamera. Ndinawaona ndi ngodya ya diso, malaya oyera ndi mkono uli m'mwamba. Ndinamva "Mwandi!" kamodzi, a Gwedeza n'kuwaopseza ndi chala. Ine maso ali pa kansalu, khosi gwa, mumtima ndikuti dikirani pang'ono achimwene, chigoli chilowe kaye. Kansalu kanakwera, ndinakuwa mawu anga bwinobwino, koma potembenuka kuseri kwa kamera kunali fumbi lokha. Basi ya pa Wenela sidikira ziwala.

Kalata inabwera imodzi. Kuchokera pamenepo zii, zaka makumi awiri ndi zinayi. Chithunzi chawo chinalinso chimodzi, chiswe chinadyera mu sutikesi. Chimene chimandidya mtima ine n'chakuti nkhope yawo inandithawa. Ndikatsinzina kuti ndiwaone, kumabwera malaya okha. Ndipo banzi la tsiku lija ndinadya ndithu, lonse.

Ndiye m'malotomo ndili pompano pa khonde lino, dzuwa likuswa mtengo, inu nonse kulibe, ndikusoka yunifomu. Mwadzidzidzi makina angawa n'kutsokomola. Kutsokomola kwenikweni, kwa munthu wosuta chingambwe.

"Mwandida," akutero makina, singano ikukwera ndi kutsika, "achimwene ako mphuno yawo inali yotani?"

Ine ndati, "Inali mphuno basi."

"Yosongoka kapena yophwatalala?"

Ine ndati, "Sindikukumbuka."

"Ndinadziwa ine. Ponda tizipita, ku ofesi amatseka foloko."

Ndiye ndaponda chopondera, makina n'kuyamba kuyenda ngati njinga ya kabaza, kutsetsereka ndi msewu wa ku Limbe, yunifomu ya eni ake ikuuluka kumbuyo. Pomwe tikudutsa tikusoka msewu, maenje onse akutsekeka, madalaivala a minibasi akutulutsa mitu kuombera m'manja. Usaseke Esinati, ntchito inatuluka yooneka bwino, yoposa mipendero yako.

Mwadzidzidzi wapolisi wa pamsewu watiimitsa. Akuyandikira, miyendo ikutalika, khosi likutalika, pofika pa ife ndi kakowa, chipewa chokha chatsala pamutu. Waima ndi mwendo umodzi n'kusuzumira pansi pa makina.

"Mwakwera angati, mayi?"

"Ndekha, bwana."

"Bodza. Muli awiri. Winayo mwamunyamula mumtima ndipo alibe nkhope. Lero pitani, koma pobwerera ndimupeze ali nayo."

Ndiye tadutsa, ndiye msewu wathera pa khomo la nyumba yosanja yomwe sindinaionepo mu Limbe monse. Pachitseko palembedwa kuti Ofesi ya Zomwe Simunayang'ane. Mzere wake, a Nachisale, wochita kukhota kuseri. Patsogolo panga mayi wina akuti mwana wake anayamba kuyenda iye akupeta mpunga. Kumbuyo kwanga bambo wina akuti mkazi wake anamumwetulira komaliza m'chipatala iye akufunafuna chivindikiro cha fulasiki. Palibe akukankha mnzake. Aliyense wangogwira khosi lake.

Ndafika pa tebulo, pali kalaliki wa tayi yobiriwira. Akutambasula mkono kuti atenge fomu, mkonowo ukupita, ukubwerera, ukupitanso, ine n'kuona kuti ndi bilimankhwe. Diso lina lili pa ine, lina pa wotchi ya pakhoma.

"Tikuthandizeni chiyani, mayi?"

"Ndikufuna nkhope ya achimwene anga."

"Munaitaya liti?"

"Sindinaitaye, bwana. Ndinangochedwa kutembenuka."

"Onse amatero. Jambulani pa fomuyi nkhope yomwe mukuifunayo, kuti tidziwe kuti ndi yanudi."

Ine ndati, "Ndikanakhala kuti ndikuidziwa, ndikanabwera kudzatani kuno?"

Iye wasintha mtundu, wafanana ndi fomuyo. "Malamulo sindinapange ine, mayi. Jambulani."

Ndiye ndagwira pensulo, ndipo chomwe chatuluka pa pepala ndi makutu awiri okha, pakati pali mbee. Makutuwo ndimawadziwa ndithu. Ndi pomwe ndinkagwira akandinyamula paphewa popita ku bwalo, lakumanja linali lopindika pang'ono pamwamba. Bilimankhwe wanyamula chidindo, koma chidindo chakana m'mwamba momwemo.

"Ine pa makutu okha sindigwa," chikutero. "Ndili ndi mbiri yanga."

Makina anga n'kusendera pafupi. "Iwe kamtengo, ukapanda kugwa ndikusokera ku tayi ya bwana wakoyo, muziyenda limodzi mpaka penshoni."

Chidindo pha! pa fomu. "Chipinda chomaliza," akutero bilimankhwe, "kwa bwana wa matepi. Mugogode, amadya nthawi ino."

Ndiye ndagogoda, ndalowa, muli bwana wa suti yonyezimira pa mpando wozungulira, wandifulatira. Mpando watembenuka, ndi mbuzi, ndevu zake zomwe, tepi yakuda ikulendewera kukamwa ngati chisoso. Makoma onse matepi okhaokha mpaka kudenga.

"Ziwala Zalumpha, gawo lomaliza," ine ndikutero, nditagwada. "Lija anajambula Loweruka la mwezi wa fumbi."

"Ndadya m'mawa uno," ikutero mbuzi. "Linali lokoma koma lotsekemera kwambiri, chifukwa cha keke."

"Keke wanji m'sewero la mpira?"

"Simukudziwa? A Gwedeza anali ndi matepi anayi okha. Gawo likangoonetsedwa pa kanema, sabata yotsatira ankajambulapo ukwati pamwamba pake."

Ndipo apa mbuziyo sinaname, Esinati. Nditakula ndinakawafunsa a Gwedeza enieniwo asanamwalire, anandiuza chimodzimodzi, akukanda m'mutu. Sewero lonse lija linakwiriridwa ndi maukwati a anthu.

Ndiye mbuzi yandiyang'ana ndi maso ake opingasa aja. "Komanso mayi, kamera inkayang'ana inu ana, osati achimwene anuwo. Ngakhale tepi ikanakhalapo, mukanaonamo nkhope yanu yomwe ikuyang'ana kumbali."

Ine ndati, "Sindikufuna kuionera. Ndikufuna ndilowemo nditembenuke."

Mbuzi yasiya kutafuna. Kenako yayamba kubzikula, tepi ikutuluka, ikutuluka, makina anga akuikulunga ngati ulusi. Mwadzidzidzi pakona pali kanema wa a Chinkwita uja, atafunda kansalu kake koluka kamene mayi a m'nyumbamo ankamuphimba nako, batire lili pansi ndi mawaya ake awiri.

"Vula nsapato, mwana iwe," akutero kanema, mawu ake a mayi wachikulire. "Ndipo ufulumire, batire sanatchaje. Ukudziwa mmene ndimachitira likamatha."

Ndinkadziwadi. Batire likamatha chithunzi chinkayamba kuchepa kuchokera m'mbali, mdima ukudya m'makona, anthu akufupika, mpaka kutsala kadontho koyera pakati, kenako thima. Ana tonse tinkasendera kutsogolo kuthamangitsa kadonthoko ndi maso.

Ndiye ndavula nsapato, ndalowetsa mwendo mu galasi ngati ndikulowa m'bafa la madzi ofunda, makina akunditsata pambuyo akudandaula kuti dzimbiri.

Ndatulukira pa bwalo lathu lomwe lija kuseri kwa chigayo, koma pali ukwati. Mkwatibwi waima pa golo, velo yakodwa mu ukonde. Mkwati waika keke pa malo omenyera penate, akubwerera m'mbuyo kuti athamange. Ankhoswe akuthamanga m'mbali mwa bwalo atakweza nkhuku yootcha m'malo mwa mbendera, amayi nthungululu lililili.

"Pepani mayi," akutero mkwatibwi, maso ali pa keke, "ife sitikudziwa kanthu. Anangotiyala pamwamba. Eni bwalo ali pansi pathu."

Ine diso la utelala n'kugwira ntchito. Ndayang'ana m'mphepete mwa bwalo, ndaona msoko, ukwati wonsewo anachita kuusokerera pa fumbi, kusoka kwake kwa changu, kodumphadumpha. Ndasolola lezala m'duku, ndadula ulusi, ndayamba kupinda ukwatiwo ngati mphasa, anthu ake, matebulo ake, kwaya yake, akuimbabe m'kati mwa mpukutu. Pansi pake pali ukwati wina, wa mvula, anthu atafunda mapepala apulasitiki. Ndadula, ndapinda. Makona a thambo ayamba kuda.

Ndiye ukwati wachitatu, a Nachisale, ndi wanga.

Ndinadziona ndekha mu diresi lija ndinasoka ndi manja anga, bambo a Sungeni ali mu suti yobwereka, manja a jekete akubisa zala. Kumbali ya kuchikazi kuli mpando umodzi wopanda munthu. Mukukumbukira inu, munalipo. Unkhoswe wanga anaimira asuweni a mayi anga, munthu woti dzina langa anachita kufunsa pakhomo la tchalitchi, chifukwa mwini mbumba anali ku Joni kosadziwika. Ine ndinaumirira kuti mpando wa achimwene uikidwebe, anthu n'kumandinena kuti ndikuchita zamwano.

Mpandowo wandiona, wasuntha mwendo. "Ndinawasungira malo, Mwandida," ukutero. "Mayi wina wonenepa anafuna kundikhalira, ndinachita dala kugwedera. Ndinadikira mpaka keke anatha, mpaka anthu osesa anabwera."

Apa ndiye ndinalira, anzanga. Ndinakhala pansi pafupi ndi mpandowo, kuugwira mwendo, kulira kwa mwana kotulutsa mamina. Ndinawasowa achimwene anga tsiku lija kuposa tsiku lina lililonse, ndipo ndinali ndisanauzepo munthu.

"Lira ukudula," akutero makina. "Taona kumwamba."

Ndayang'ana, phiri la Bangwe kulibe, chigayo kulibe, mdima wadya mbali zonse, dziko latsala lalikulu ngati bwalo lokhalo. Ndiye ndadula msoko wa ukwati wanga womwe, ndaupinda, mpando ukundiuza kuti ndikawapatse moni.

Mwadzidzidzi fumbi, dzuwa la Loweruka, mabenchi a ku tchalitchi, ndipo ana onse ali pomwepo. Lonjezo ndi ng'oma yake ya chigubu, Zione ndi mabala ake a m'mawondo, onse akadali ndi zaka naini, majezi obiriwira, maso ali mbali imodzi. Akuchemererabe koma mawu anatha kalekale, kukungotuluka mpweya.

"Mwandida, unali kuti?" akunong'ona Zione osandiyang'ana. "Chigoli sichinalowebe. Ife njala."

Ine ndati, "Zione, iwetu uli ndi ana anayi ku Mchinji."

"Usandisokoneze, angandilande banzi."

Pansi pa benchi pali mpira, wagona chagada, wapinda manja omwe ulibe. Ndaufunsa kuti bwanji osalowa m'bwalo anawa apume. Iwo wati, "Ine Loweruka sindigwira ntchito, mayi. Ndimabwera Lachitatu. Anawa ndimangowamvera mbiri kuti amandikonda."

Ndiye malo anga pa benchi la kutsogolo alipo, jezi langa lili pomwepo. Ndalivala, lalowa khosi ndi mkono umodzi basi, kwinaku thupi la mayi wa mwana mmodzi lakana. Ndakhala pansi, benchi lalira. Uko akubwera a Gwedeza ndi nsungwi yawo, jekete lakuda likusanduka nthenga, kolala yoyera ili pomwepo, mpaka ndi khwangwala wathunthu. Wanyamula nsungwi ndi zikhadabo, wauluka nayo pamwamba pa bwalo.

"Maso pa kansalu! Khwaa! Tikujambula!"

Ndipo kansaluko, Esinati, kali ndi mawu okoma ngati a wogulitsa mankhwala m'basi. "Ndiyang'ane ine, Mwandi wanga. Ine ndine mpira. Ine ndine kanema, anthu onse akuona. Kwatsala pang'ono ndikwere, dikira pang'ono pokha, enawo sathawa."

Maso anga n'kukakamira pomwepo ngati kale. Ndikudziwa bwinobwino chomwe ndabwerera, koma kansalu kakapita uku, ine uku, kakabwerera, ine n'kubwerera. Zaka makumi awiri ndi zinayi zapita, ndikadali mwana womvera.

Ndiye ku ngodya ya diso kwatulukira choyera. Malaya. Mkono m'mwamba.

"Mwandi!"

Mawu omwe aja, anzanga, okhala ngati munthu wangodzuka kumene. Ndati nditembenuke, khosi gwa. Ndayesanso, gwa. Ndapapasa pachibwano, ndapeza ulusi wofiira, wochoka pa kansalu kaja kudzamangidwa pa ine, ndipo mwana aliyense pa mabenchipo ali ndi wake. Ndafuna lezala m'duku, mulibe, ndinaisiya pa ukwati wanga. Mdima wafika kale pa magolo onse awiri, dziko latsala mabenchi, kamera ndi kachigawo ka fumbi.

"Makina, ndithandize!"

Makina ali kale theka mu mdima. "Ndiwe telala wanji iwe? Sizasi ikasowa umadula ndi chiyani?"

Ndiye ndakoka ulusiwo, ndauika pa mano, ndaluma.

"Khwaa! Wachotsa maso!" akukuwa khwangwala. "Vula jezi! Banzi ulibe! Mawu ako ndipatsa Zione!"

Ine ndati, "Idyani banzilo inuyo, a Gwedeza, mumwere ndi madzi!"

Ana onse hiii! Ng'oma ya Lonjezo yagwa. Ulusi thu, waduka. Jezi ndalivula ndalitaya pa fumbi, ndipo ndayamba kutembenuka. Koma kutembenuka kwa m'maloto mukukudziwa, khosi likuyenda ngati ndili m'thope. Dziko latsala ngati lichero. Patsogolo panga pali kamera, yandiyang'ana ndi diso lake limodzi, kenako yanyamula miyendo yake itatu n'kupatuka mwaulemu.

"Pepani," ikutero. "Nthawi yonseyi ndinakutchingirani ndine."

Ndiye ndawaona, kuyambira pansi, chifukwa mutu wanga ukukwera pang'onopang'ono. Nsapato zoyera za tenesi zomwe anazipaka choko usiku wake. Buluku la khaki. Chikwama chakufa zipi, chomangidwa ndi chingwe cha mlaza. Malaya oyera, batani lachitatu losokedwa ndi ulusi wakuda chifukwa woyera unatha, anasoka ndi mayi. Zonsezi ndinali nditaziiwala, zikungobwera, ine ndikuzitola ngati mtedza wotayika. Dziko latsala ngati mbale. Khosi. Chibwano. Pakamwa.

Akuseka, a Nachisale. Achimwene anga akuseka. Ine zaka zonsezi ndinkati anachoka atakwiya, kapena atagwa nkhope kuti mlongo wawo wasankha banzi. Ayi ndithu, akuseka mpaka mapewa akugwedezeka. Ndipo dzino lawo lam'mwamba, lakumanzere, ndi lobenthuka pakona. Anabenthula pa mtengo wa golo akudumphira mpira ine ndisanayambe sukulu, ndipo akamaseka lilime linkasuzumira pamenepo.

"Chitsiru iwe," akutero, "wawononga sewero la eni."

"Achimwene, weramani ndione maso."

"Unakuwa bwino tsiku lija. Ndinamva ndili pa chigayo."

"Weramani, achimwene, chonde!"

"Batire, Mwandi."

Dziko latsala ngati batani la malaya, ndipo m'katimo muli pakamwa pokha ndi dzino lija. Ine ndikusendera kutsogolo ngati pa simenti ya a Chinkwita, ndikukuwa kuti mubwera liti, muli moyo kodi, mukudya chiyani kumeneko. Atsegula pakamwa kuti ayankhe, koma chomwe chatuluka ndi gu! Atsegulanso, gu! gu!

Ndadzidzimuka, kunja kwayera, pilo wanyowa. Gu! Ndi Sungeni wanga, akumenyetsa mpira wake wa mapepala pa chitseko cha malata, asanasambe n'komwe, yunifomu ili pa chingwe. Masiku onse ndimamukalipira ndili m'kati. Lero ndinatuluka ndi chitenje chokha.

"Amayi, mwaona? Ndamenya teni osagwetsa!"

Ndati, "Sindinaone. Bwereza."

Ndinakhala pa sitepe kumuyang'ana mpaka phala linapserera, n'chifukwa chake ndachedwa kutsegula lero.

Maso sindinawaone, anzanga, mphuno sindikuidziwabe, kakowa uja akandipeza andimanga. Koma dzino ndabwera nalo, ndipo mutu wangawu ndi wobooka, unataya kale nkhope yathunthu. N'chifukwa chake ndakuimitsani ntchito. Iwe Esinati sunga, nanunso a Nachisale sungani, tsiku lina ndikadzakufunsani mudzandiuze: lam'mwamba, lakumanzere, lobenthuka pakona, ndipo ankaseka.